Supuni ya Amayi ndi Katemera Wosafika

Dzino langa analizula Lachinayi lina m'mawa, mu June chaka chatha, nditatha masiku atatu osaona tulo. Amene dzino linakuwawanipo mukudziwa zomwe ndikunena. Ululu wake sukhala pamalo amodzi. Umayambira pansagwada, n'kukwera m'khutu, n'kukakhala kuseri kwa diso ngati munthu wodzatenga ngongole amene walumbira kuti sachoka. Ndinamwa panado, ndinamwa bufeni, ndinavumata madzi amchere, ndinatsendera adyo pabowopo. Mnzanga amene timachita lendi nyumba imodzi anandiuza kuti ndidonthezerepo mafuta a mabuleki, akuti amalume ake anachira nazo zimenezo. Masana ndinamuseka. Usiku wachitatu, cha m'ma 2 koloko, ndinapezeka ndikudzifunsa kuti kodi galaja yapafupi imatsegula nthawi yanji. Ine amene, munthu wa digiri.

Kuchipatala ndinapeza benchi itadzaza kale. Aliyense atagwira tsaya, wina atamanga mpango kuzungulira mutu, palibe wolankhula. Nthawi yanga itakwana, bambo wina wa chikhoti choyera anandiuza kuti ndiyasame, n'kuunika, n'kugogoda pang'ono ndi kachitsulo. Ndinalumpha.

"Achimwene, ili ndiye lapita. Mukanabwera chaka chatha bwenzi tikukamba zomata. Tizule?"

Ndinafunsa ngati panali njira ina yolipulumutsira. Anati ilipo, koma ku chipatala cholipira, ndipo atatchula mtengo wake ndinawerengera chamumtima n'kupeza kuti ndi lendi ya miyezi ingapo. Ndinangoti zulani. Akundipatsa thonje loti ndilume, anawonjezera mawu amene anandipweteka kuposa jakisoni: "Maswiti awa, eti? Kutsuka m'kamwa muzilimbikirako." Ndinatuluka ndi manyazi ngati mwana wogwidwa akunyambita m'chitini cha shuga. Mpaka lero lilime langa limapita lokha pampata umenewo, kukazonda pamene pankakhala malemu.

Nkhani ikanathera pomwepo. Koma mu December ndinapita kumudzi ku Kasungu kukadya Khirisimasi, ndipo kumeneko kuli kamtsikana ka achemwali anga, kamene panthawiyo kanali ndi chaka ndi miyezi 8. Achemwali amagwira ntchito pa boma, choncho mwanayu amaswera ndi Amayi. Ineyo amanditchula kuti "nkolo", chifukwa kunena kuti ankolo kumamutalikira. Tsiku lina akuseka pamiyendo panga, ndinaona kamzere koyera ngati choko m'mano ake akutsogolo am'mwamba, kufupi ndi nkhama, ndipo pa dzino limodzi kamzereko kanali katayamba kuda. Ndinangoti kakasi. Mwana woti mano ake sanathe n'kumera komwe.

M'mawa mwake ndinaperekeza achemwali kusikelo, ndipo tili pamzere ndinkangotsegulatsegula kabuku ka mwanayo. Katemera wa TB, wa poliyo, wa kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, wa chibayo, wa kutsegula m'mimba, wa chikuku, onse atachongedwa bwinobwino. Ndiye ndinadzifunsa funso lachibwana: nanga wa mano bwanji palibe? Dziko lathu lomweli ndi limene linali loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo, mu April 2019. Malungo, nthenda yovuta chonchija. Ndiye dzino lingakanike?

Usiku umenewo ndinagula bandulo, poganiza kuti ndiwerenga mphindi khumi basi. Patha miyezi itatu tsopano ndipo ndikuwerengabe. Zomwe ndapeza n'zakuti katemerayu anthu akhala akumufunafuna kwa zaka zoposa 50, ndipo pakangopita zaka zingapo pamatuluka nkhani yoti watsala pang'ono kufika. Ali ngati minibasi ija kondakitala amati, "Kwerani bwana, tatsala munthu mmodzi tinyamuke."

Tiyambe ndi mdani weniweniyo. Agogo anga aakazi ankati m'dzino lobowoka mumakhala kachilombo kamene kamafukula ngati nankafumbwe m'chimanga. Ife a sukulu tinkaseka, koma agogo sanaphonye kwambiri. M'kamwa mwa munthu mumakhala mitundu mazanamazana ya mabakiteriya, yambiri yosalakwa kanthu. Mu 1924, wasayansi wina wa ku Britain, J. Kilian Clarke, anatenga zam'kati mwa mano owola n'kupezamo bakiteriya amene maonekedwe ake anali osiyanako ndi abale ake, ndipo anamutcha Streptococcus mutans. Kusiyana kwake ndi nankafumbwe n'kwakuti iyeyu saluma dzino. Amadya shuga amene ife tadya, kenako n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndi amene amasungunula chigoba cholimba cha dzino pang'onopang'ono. Kunena mosapsatira, mano athu amawola ndi chimbudzi cha tizilombo.

Luso lake lalikulu ndi ulimbo. Akapeza shuga wathu wa m'paketiyu, wochokera ku nzimbe, amamuswa pawiri: gawo lina adye, gawo lina apangire ulimbo womatirira nawo padzino. Zoterera zija mumazimva ndi lilime m'mano mukadzuka m'mawa ndi mudzi wawo umenewo, ndipo kungochukucha madzi sikuusuntha. Pansi pa ulimbowo asidi amaunjikana. Asayansi amayeza ukali wa asidi ndi muyeso wotchedwa pH, ndipo ukatsika kufika cha pa 5.5, dzino limayamba kusungunuka. Zimenezi zimachitika patangopita mphindi zochepa shuga atalowa m'kamwa, pamene malovu amafuna mphindi 30 mpaka ola lathunthu kuti atsuke asidiyo ndi kuyamba kubwezeretsa zomwe zakokoloka. Ndiye vuto si kuchuluka kwa shuga kokha ayi, komanso kangati patsiku. Wodya maswiti asanu nthawi imodzi ali bwinoko kusiyana ndi ine amene nthawi ya mayeso ku koleji ndinkangopsontha tiyi wa masupuni anayi kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba. Malovu anga sindinkawapatsa mpata.

Kufika apa bambo wa chikhoti uja ankanena zoona. Koma pali china chimene sanandiuze. Mwana sabadwa ndi bakiteriya ameneyu. Amachita kupatsidwa. Mu 1960, Paul Keyes ndi Robert Fitzgerald ku America anasonyeza zimenezi ndi timbewa toweta totchedwa hamster. Tina tinkawola mano, tina ayi ngakhale tinkadya zashuga zomwezo. Koma akatisakaniza m'khola limodzi, kapena akatipaka mabakiteriya ochokera kwa todwalato, tabwinobwino tija tinkayambanso kuwola mano. Patapita zaka, mu 1993, Page Caufield ndi anzake ku Alabama, atatsatira ana ndi amayi awo kuyambira pobadwa, anapeza kuti ana ambiri amatenga bakiteriyayu ali pakati pa miyezi 19 ndi 31, mano otafunira akamamera. Kawirikawiri mtundu umene umapezeka mwa mwana ndi womwewo uli m'kamwa mwa mayi ake. Njira yake ndi malovu.

Zimenezi ndinaziwerenga ndili pakhonde, Amayi ali poteropo akudyetsa mwana phala. Ankatapa, n'kuuzira, n'kulawa kuti amve ngati lazizira, kenako supuni yomweyo m'kamwa mwa mwana. Chimanga chootcha amayamba atafuna kaye okha kuti chifewe. Umu ndi mmene anatilerera tonse asanu. Ndipo Amayi mano otafunira anawatsalira owerengeka. Iwo amati mwana aliyense anapita ndi dzino lake. Ndinawerengetsa zala. Chaka ndi miyezi 8 ndi miyezi 20. Khomo lija ananena Caufield linali litangotseguka kumene.

Ngati nthenda ili yopatsirana ndipo woyambitsa akudziwika, nzeru ya katemera imabwera yokha. Mu 1969 William Bowen ku England anabaya anyani katemera wopangidwa kuchokera ku bakiteriyayu, n'kumawadyetsa zashuga, ndipo obayidwawo mano awo anawola pang'ono kusiyana ndi a anzawo. M'zaka za m'ma 1970 Thomas Lehner pa chipatala cha Guy's ku London anapezanso zofananazo. Tangoganizani. Bambo anga asanalowe n'komwe sitandade 1, ku Ulaya kunali kale anyani otetezedwa ku nthenda imene inandikhazika pabenchi chaka chatha.

Choyamba kuimitsa zinthu unali mtima. Ofufuza ena atabaya akalulu bakiteriya wathunthu, anaona kuti asilikali a m'thupi amene anapangika ankagwiranso minofu ya mtima wa munthu poyesa m'labu. Mantha ake sanali opanda mutu, chifukwa msuweni wa bakiteriyayu, uja amayambitsa zilonda zapakhosi, amadziwika kale ndi khalidwe lotere: thupi polimbana naye limatha kusokonezeka n'kuyamba kuwononga mtima wake womwe, ndipo ana ambiri kuno ku Africa akudwala mtima chifukwa cha zimenezo. Ofufuza apambuyo anakayikira ngati ngoziyo inalidi yeniyeni kwa mutans, koma mbiri inali itaipa kale. Ndani angabaye mwana wabwinobwino mankhwala okayikitsa pa mtima, pofuna kupulumutsa dzino loti lidzaguluka lokha mwanayo akadzafika sitandade 2?

Choncho anasiya kugwiritsa ntchito bakiteriya wathunthu, n'kuyamba kusankha ziwalo zake. Ena analoza timanja take togwirira padzino, ena makina ake opangira ulimbo uja. Martin Taubman ndi Daniel Smith a ku Forsyth, malo ofufuzira za mano ku Boston, anathera zaka zambirimbiri za moyo wawo pa makina a ulimbowa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayesa katemera wawo pa anthu ochepa akuluakulu. Bakiteriya anachedwerako kubwerera mano atatsukidwa, koma mphamvuyo sinakhalitse.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake dzino lili lovuta kuposa mmene ndinkaganizira pamzere wa sikelo paja. Akatemera ambiri amene timawadziwa amaphunzitsa asilikali a m'magazi. Koma pamwamba pa dzino sipafika magazi. Dzino lili ngati mwala wokwiririka m'thupi, mutu wake uli panja. Olondera kunjako ndi asilikali ena a m'malovu, otchedwa IgA, amene jakisoni wapamkono sawadzutsa kwenikweni, ndipo ukawaphunzitsa sachedwa kuiwala. N'chifukwa chake ofufuza ambiri anatembenukira kwa katemera wodontheza kapena wopopera m'mphuno. Gulu lina la ku Wuhan Institute of Virology ku China, inde Wuhan yomwe ija tinaidziwira pa Covid, linalengeza mu 2017 kuti katemera wawo wam'mphuno anachepetsa kuwola kwa mano ndi pafupifupi 64 pa 100 alionse. Mitu ya nkhani pa intaneti inachita ngati madokotala a mano ntchito yawathera. Ukawerenga mpaka pansi umapeza kuti otetezedwawo anali makoswe.

Nkhani imene inandikhudza kwambiri ndi ya fodya. Ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama za fodya wa bale. Ndikudziwa kusoka fodya, ndikudziwa phula lakuda limamata m'manja ukamathyola masamba, ndikudziwa nkhope ya bambo akabwera ku okushoni ku Chinkhoma mitengo itaipa. Ndiye mu 1998, Julian Ma ndi anzake pa Guy's pomwe paja analengeza chinthu chimene bambo nditawauza anangopukusa mutu. Anati m'malo modikira thupi kuti lipange asilikali, bwanji tiwapangire kwina n'kungowapaka m'mano? Anasintha chibadwa cha fodya kuti masamba ake azipanga asilikali ogwira timanja ta mutans tija. Anatsuka m'kamwa mwa anthu ochepa odzipereka ndi mankhwala opha mabakiteriya, kenako n'kuwapaka asilikaliwo kangapo m'milungu itatu. Kwa opakidwawo mutans sanabwerere kwa miyezi inayi, pamene kwa enawo anabwerera. Tsamba lomwe lija linadetsa mano a agogo aamuna! Koma poyesa pa anthu ochulukirapo zotsatira zake sizinagwire mtima chonchija, ndipo patha zaka zoposa 25 mankhwalawo asanafike m'famase iliyonse imene ine ndi inu tingalowemo.

Palinso Jeffrey Hillman wa ku Florida, amene anaganiza mwanjira ina: tisavutike n'kupha mutans, tingolonga ufumu m'bale wake wofatsa. Anapeza mtundu wa mutans umene umapha anzake, n'kuusintha kuti ukadya shuga uzitulutsa timadontho ta mowa m'malo mwa asidi uja. Musasangalale, n'tochepa zedi, simungaledzere. Cholinga chinali chakuti ukaupaka kamodzi ukhazikike m'kamwa moyo wonse. Pa makoswe zinayenda. Koma akuluakulu oona za mankhwala ku America anaopa kumasula kachilombo kosinthidwa kamene kangafale pongopsompsonana, ndiye analamula kuti kuyesa koyamba kuchitike pa anthu a mano oikirira okhaokha, oti zikavuta angowavula. Kupeza anthu otero, athanzi komanso osakalamba, kunali kovuta, ndipo ntchitoyo inazilala. Posachedwapa kampani ina yaing'ono inaukitsa nzeruyi n'kuyamba kuigulitsa pa chilumba china cha ku Honduras pa mtengo wa madola 20,000, kenako motsikirapo ku America, popanda kafukufuku wamkulu wosonyeza kuti imatetezadi mano a anthu. Zoterezi ine sindingamupake mwana wa achemwali anga ngakhale atandipatsa ulere.

Ndiyenso pali nkhani yoti mwina takhala tikuthamangitsa wakuba mmodzi pamene m'mudzimo akuba ndi ambiri. Philip Marsh, katswiri wa ku Britain wa tizilombo ta m'kamwa, anafotokoza m'zaka za m'ma 1990 kuti chimene chimasintha m'kamwa ndi nyengo yonse. Shuga akamabwera pafupipafupi, m'kamwa mumakhala asidi nthawi zambiri, mabakiteriya ofatsa amachepa, ndipo okonda asidi amachulukana, mutans ndi ena ambiri. Pali mano owola amene mutans sapezekamo n'komwe, ndipo pali anthu amene ali naye koma mano awo ali bwinobwino. Ukamuchotsa iyeyo ndi katemera koma shuga akubwerabe, pampando pakepo pakhala wina.

Koma ine ndikuona kuti chachikulu chimene chagoneka katemerayu m'madirowa ndi ndalama. Kuti utsimikize kuti amagwira ntchito uyenera kutemera ana athanzi masauzande, n'kuwatsatira zaka zingapo, chifukwa dzino silibowoka mwezi umodzi. Ndalama zake n'zoopsa. Ndiye adzagule ndani? M'mayiko olemera kuwola kwa mano a ana kunatsika kwambiri kuyambira m'ma 1970, makamaka chifukwa cha fluoride wa m'mankhwala otsukira mano, ndipo bowo likapezeka dokotala ali pafupi. Kwa iwo katemerayu ndi ndiwo zachiwiri. Amene akumufunitsitsa ndi aja ndinakhala nawo pabenchi, ndipo ife si msika. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni ali ndi mano achikulire owola, kuwonjezera apo ana oposa 500 miliyoni ali ndi mano aubwana owola. Palibe nthenda ina yofala kuposa imeneyi. Kuno kwathu maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo panthawiyo dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50. Katemera wa malungo anatenga zaka zoposa 30, koma anafika, chifukwa malungo amapha ana, maliro amaoneka, ndiye opereka thandizo anapisa m'thumba. Dzino kawirikawiri silipha. Limangolanda tulo, masiku a sukulu, ndalama ya ndiwo, ndi kumwetulira kwa mtsikana amene waphunzira kuseka ataphimba pakamwa. Zimenezo sizidzidzimutsa munthu pa msonkhano wa ku Geneva.

Kwa milungu ingapo ndinali wokwiya, ndipo mkwiyowo unkandikomera. Kukwiyira makampani akutali n'kosavuta, sakuyankha. Koma tsiku lina mu January, ndikulongedza katundu woti nditumize kumudzi pa basi, ndinayang'ana zomwe ndinagula: mapaketi awiri a shuga, botolo la juwisi wosungunula, mabisiketi, ndi jumbo ya maswiti a pakamtengo ya kamtsikana kaja. Ndinakhala pansi. Amene amabweretsa chakudya cha mutans m'nyumba ija ndine. Ndipo m'pamene ndinazindikira chifukwa chenicheni chimene ndinkafunira katemerayu ndi mtima wonse. Jakisoni safuna kuti ukangane ndi munthu. Mwana amalira mphindi imodzi, anesi achonga m'kabuku, mwabwerako. Popanda jakisoniyo, chotsala n'kukakhala pamphasa ndi mayi ako okubereka, n'kuwauza kuti supuni yawo ndi shuga wawo zikumuwononga mdzukulu wawo.

Muyenera kumvetsa kuti shuga kwathu n'chiyani. Ndikukula, tiyi wa shuga ankamweka fodya akagulitsidwa. Miyezi ya njala tinkamwa wopanda kanthu, kapena osamwa n'komwe. Mlendo wolemekezeka amamuthirira mpaka shuga kutsalira pansi pa kapu. Phala lopanda shuga ndi la anthu ovutika. Amayi akamathira masupuni atatu m'kambale ka mdzukulu wawo, akumupatsa chimene ankalephera kutipatsa ife ana awo. Komanso boma lomwe linalamula kuti shuga wogulitsidwa m'dziko muno azikhala ndi vitamini A kuti afike kwa ana, ndiye mungamuuze bwanji munthu kuti chinthu cholembedwa papaketi kuti chili ndi vitamini n'choipa? WHO imati shuga wothira asapose gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, ndipo kutsika kufika theka la pamenepo, masupuni aang'ono 6 kwa munthu wamkulu, n'kwabwino koposa. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi lapitirira kale masupuni 6 amenewo. Kwa mwana wosakwana zaka ziwiri malangizo ake ndi oti asamuthirire n'komwe.

Mu February ndinapita ndekha. M'chikwama munali shuga paketi imodzi, chifukwa kufika chimanjamanja sikukanatheka, kamswachi kofewa ka ana, ndi mankhwala otsukira mano amene ndinaonetsetsa kuti alembedwa fluoride. Ndinadikira madzulo, bambo atapita kocheza, n'kuyamba mozungulira ngati wodzafunsira mbeta. Za anyani, za makoswe, za fodya. Amayi ankasenda mtedza osandiyang'ana. Nditafika pa supuni, manja anaima.

"Ndiye ukuti ine ndikumudwalitsa mwanayu?"

"Ayi Amayi, si choncho. Kachilomboka tonse tili nako. Ineyo ndili nako."

"Nanga iwe unakatenga kwa ndani?"

Ndinangowerama.

"Ana asanu ndalera ndi supuni imeneyi. Ndizimuwotcha mwana ndi phala chifukwa azungu ayeza makoswe? Koma sukulu zinazi!"

Ndinasowa chonena, ndiye ndinangoyasama n'kuwaonetsa mpata uja, umene ndinali ndisanawauzepo. Anasuzumira ndi tochi ya pafoni. Kenako nawonso anayasama n'kuyamba kundilozera yawo, umodziumodzi: uwu ndi wa achemwali ako, uwu ndi wa achimwene ako, uwu ndi wako. Tinaseka mpaka mwana anadzuka. Atamugonekanso anati, motsitsa mawu, "La iweli linandiwawa mwezi wathunthu. Anandizula bambo wina pamsika, popanda jakisoni."

Za supuni sanalonjeze kanthu, ndipo kunena zoona, pamene ndawerenga zambiri ndaona kuti pamenepo ndinakokomeza. Mwana wokhala pakati pa anthu omukonda adzakatenga kachilomboka basi, kaya pa supuni kaya pa kupsompsona. Chimene chimagamula mlandu ndi chakudya chimene kachilomboko kakachipeze, ndi fluoride amene dzino likulandira. Pa shuga tinanenerera ngati pa kaunjika. Ine ndinayambira pa ziro, iwo pa atatu, tinakumana pa imodzi, ndipo m'phalamo muzilowa nsinjiro zambiri kuti lizikomabe. Juwisi wa m'kabotolo amene mwana ankagona akuyamwa, ameneyo ndiye anavomera kusiya, atazindikira okha kuti kamzere kaja kali ndendende pamene pamafikira madziwo. Za kutsuka mano kawiri patsiku, ndi mankhwala ochepa ngati kambewu ka mpunga, anati imeneyo ndi ntchito ya mayi wake, iwo sangalimbane ndi mwana woluma chonchi.

Kamzere koyerako kamatha kulimbanso ngati sipanabowoke. Pamene pada paja m'pofunika munthu wodziwa apaone, chifukwa mano aubwana akawola nthendayo imadikirira olowa m'malo. Pali mankhwala ena opaka, silver diamine fluoride, amene amaimitsa bowo popanda kuboola kapena kuzula, kungoti amadetsa pamalopo, ndipo WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Achemwali anakafunsa pa chipatala chapafupi ndi kwathu. Anauzidwa kuti kulibe, koma dzinolo likayamba kuwawa abwere naye adzazule.

M'mawa wonyamuka, mwana anabwera n'kuyamba kupisa m'matumba mwanga monga mwa chizolowezi chake, la kumanja, la kumanzere, la pamalaya. Anapeza makiyi ndi tikiti yakale ya basi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera, kenako anatembenuka n'kuthamangira kwa agogo ake akulira. Amayi anamunyamula n'kumusisita kumsana.

"Ankolo ako avuta masiku ano," anatero, dzanja lina likupapasa pamfundo ya chitenje pamene amamangapo timakobidi.

Ndinanamizira kuti sindinaone, n'kunyamula chikwama.